Musanakumbe dziwe losambiramo pakhomo panu ku Dedza

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba ndi kuyang'anira amisiri pomanga, kuno ku Dedza boma mpaka kukafika ku Lizulu ndi ku Ntcheu. Masiku ano funso la dziwe losambiramo, lija ambiri amangoti swimming pool, likundipeza kawirikawiri. Ena ndi abale athu a ku Joni amene akumanga kwawo, ena ndi opuma ntchito amene akufuna pakhomo poti adzukulu azisangalalapo. Pafupifupi onse amayamba ndi kufunsa mtengo wa simenti ndi matailosi. Ine ndimawabweza kaye kumapepala, chifukwa dziwe, ngakhale lilibe denga, ndi ntchito yomanga ndithu, ndipo limakhudza malo, madzi, magetsi ndi moyo wa ana. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi eni ake oti muwaone khasu lisanagunde pansi.

Lamulo lotsogolera ndi Physical Planning Act la 2016, limene lidalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Kale a mapulani ankayang'anira matauni ndi madera ena osankhidwa. Lamulo latsopanoli lidaika dziko lonse pansi pa dongosolo la mapulani, kotero mawu oti "kuno ndi kumudzi, za khonsolo sizifika" musawadalire. Ngati ntchito yanu ndi yaing'ono moti sifuna chilolezo, anene zimenezo ndi a khonsolo, ndipo akulembereni. Womanga popanda chilolezo akhoza kuimitsidwa ntchito ili mkati, ngakhale kulamulidwa kugumula zimene wamanga ndi ndalama zake zomwe.

Yambani ndi pepala la malo. Ngati puloti yanu ili ndi lizi ya ku unduna wa zamalo, ija ya zaka 99, iwerengeni bwino. Muona kuti malowo adaperekedwa kuti agwire ntchito yanji, komanso ngati muli ndi ngongole ya msonkho wa malo, ikonzeni musanapite kukapempha china. Ngati mukukhala m'nyumba ya renti kapena ya Malawi Housing Corporation, mwini nyumba avomere polemba. Ngati ndi malo a makolo, pitani kwa anyakwawa ndi agulupu mwaulemu wake, muwafotokozere kuti mukufuna kumanga chinthu chokhalitsa. Customary Land Act ya 2016 imalola munthu kulembetsa malo otere kudzera ku komiti ya malo ya m'dera la agulupu, ndipo ofesi ya zamalo ya paboma ingakuuzeni pamene ntchitoyi yafika kwanuko. Pali chinanso chimene ofesi sidzakufunsani koma ine ndimafunsa: bambo, malowa ndi a kwanu kapena muli pachikamwini? Kuno malo ambiri amayenda kuchikazi. Musathire mamiliyoni m'nthaka musanakhale pansi ndi mayi a kunyumba ndi amalume awo. Nyumba mungaichotse malata ndi zitseko, koma m'dziwe simutolamo kanthu.

Mukatero, itanani saveya akuonetseni mabikoni, zizindikiro zokhomedwa pansi zosonyeza malire a puloti. Mpanda wa njerwa umene mudaupeza pogula malo si umboni wa malire.

Ulendo woyamba wa kukhonsolo upiteni musanalipire aliyense wojambula. Tengani kope ya pepala la malo ndi kachithunzi kapamanja kosonyeza nyumba, msewu ndi pamene mukufuna dziwe. Ku maofesi a DC funsani mkulu woona za mapulani a malo, kapena a ofesi ya zomangamanga. Nenani molunjika: "Bwana, ndikufuna kumanga dziwe la mamita 8 mulitali, 4 mulifupi, kuya mita imodzi ndi theka, pa puloti yakuti. Ndibweretse chiyani, makope angati, ndipo komiti ikumana liti?" Funsaninso kuti m'dera lanulo chomanga chiyenera kutalikirana bwanji ndi malire a puloti. Yankho limeneli ndi limene wojambula adzayambirapo.

Chimene mudzabwere nacho ulendo wachiwiri ndi fomu yopempha chilolezo, umboni wa malo, mapu osonyeza pamene puloti ili, pulani ya puloti yonse, ndi zojambula za dziwe lenilenilo zosainidwa ndi injiniya wolembetsedwa. Pa pulani ya puloti pasasowe kanthu: nyumba, khitchini, septiki thanki ndi sokawe (dzenje lomwetsa madzi otayidwa m'nthaka), chimbudzi chokumba ngati chilipo, mjigo kapena chitsime, mapaipi a madzi, mawaya a magetsi odutsa pamwamba, mitengo ikuluikulu, kanyumba ka pampu, kumene madzi otayidwa azipita, ndi mpanda wozungulira dziwe ndi geti lake. Ndalama younikira pulani kalipireni kwa kashiya ndipo mutenge risiti ya khonsolo. Wina akakuuzani kuti mumupatse m'manja athamangitsa zinthu, kanani. Pepala lopanda risiti kumbuyo kwake lidzakukanani tsiku limene mudzalifune.

Komiti yovomereza mapulani sikumana tsiku lililonse, n'chifukwa chake ndimalangiza kupereka pempho mvula ikugwa, mu Januwale kapena Febuluwale, kuti pofika Meyi mukhale ndi pulani yodindidwa chidindo n'kukumba nthaka itauma. Mukailandira, werengani zonse zimene alembapo, kuphatikizapo nthawi imene chilolezocho chithere mphamvu. Kope imodzi izikhala pamalo a ntchito.

Tsopano za posankha malo. Amene muli m'mbali mwa M1, kumbukirani kuti mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi malo a msewu, oyang'aniridwa ndi Roads Authority. Pansi pa mawaya a ESCOM musaikepo dziwe ngakhale pang'ono, chifukwa mtengo wautali wa aluminiyamu wokolopera pansi pa madzi umaimikidwa m'mwamba tsiku lililonse. Dzenje litalikire fawundeshoni ya nyumba, mwina ndi mtunda wosachepera kuya kwa dzenjelo, ndipo injiniya ndiye atsimikize. Bulugamu ali pafupi mizu yake idzafunafuna madziwo, ndipo paini adzakutopetsani ndi masamba ake odzaza m'sefa.

Nthaka ya Dedza ili ndi mavuto awiri osiyana. Kumtunda, m'munsi mwa phiri, mumakumba pang'ono n'kupeza thanthwe. Kuswa mwala wotero ndi ndalama zina zapadera, ndipo ngati pafunika zophulitsira, ntchitoyo ndi ya munthu wokhala ndi chiphaso chake, osati anyamata aganyu. Pamalo otsetsereka, madzi a mvula ochokera kumtunda muwakonzere ngalande yowalambalalitsa, pakuti madzi saiwala khwawa, ndipo akapeza dziwe panjira yawo adzalowamo ndi matope onse. Kumunsi, pafupi ndi dambo, vuto ndi madzi a pansi pa nthaka. Dziwe la konkire likakhala lopanda madzi mkati, madzi a pansi atakwera mu Febuluwale, limakankhidwa m'mwamba ngati beseni lopanda kanthu limene mukulikanikiza mumtsinje, ndipo limang'ambika. Njira yodziwira ndi yotsika mtengo: kumbani dzenje loyesera lakuya mamita 2 mvula ili mkati, mulitseke bwino pamwamba kuti mwana kapena mbuzi isagweremo, muzionamo ngati madzi akutuluka. Zimene mwapeza muuze injiniya. Iye ndiye adziwe kukula kwa zitsulo, makulidwe a konkire, ndi ngati pansi pafunika mapaipi ochotsa madzi ndi valuvu yochepetsa mphamvu ya madzi okankha kuchokera pansi.

Nkhani imene ndimakhalitsapo ndi eni nyumba ndi ya madzi, chifukwa ambiri sanawerengepo. Dziwe la mamita 8 kwa 4, lakuya mita 1.5, limalowa malita 48,000. Amenewo ndi madiramu 240 a malita 200, kapena ndowa 2,400 za malita 20. Ndipo simudzaza kamodzi n'kuiwala. Pa dziwe lotere, madzi akatsika ndi mamilimita 5 okha chifukwa cha dzuwa ndi mphepo, mwataya malita 160, ndowa 8, tsiku limodzi. Onjezani otayika potsuka sefa ndi amene ana amawaza kunja.

Madzi amenewa achokera kuti? A khonsolo akhoza kukufunsani, ndipo ngakhale asafunse, anansi anu adzafunsa.

Ngati muli pa mpopi wa Central Region Water Board, imene imagawa madzi ku Dedza ndi ku Ntcheu boma, alembereni kalata muwauze za dziwe musanadzaze. Afunseni mtengo umene mudzalipire pa madzi ochuluka chotere, ndi nthawi imene angalole kudzaza popanda kuumitsa mipopi ya ena. Musalumikize pampu ku paipi yawo kuti izikoka madzi mwamphamvu, ndipo musadutse mita. Paipi yodzazira ikhale yoti madzi a m'dziwe sangabwerere m'mapaipi a madzi akumwa pamene mipopi yaphwa. Dzazani mvula ikangotha, mu Epulo kapena Meyi. Kudzaza dziwe mu Okutobala, amayi a mtaunimo akudzuka usiku kukadikira madzi, ine sindingakuvomerezeni ngakhale mutakhala ndi ndalama yolipirira bilu. Anthu a ku Ntcheu ndi Balaka sanaiwale 2018 pamene damu la Mpira lidauma.

Ngati mukuganiza zoboola mjigo wanuwanu, eni ake ndi National Water Resources Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi Water Resources Act ya 2013. Chilolezo chimafunika musanaboole, kampani yoboola ikhale ndi chiphaso, ndipo muwauze zoona zake za kuchuluka kwa madzi amene muzipopa ndi ntchito yake. M'dera limene muli mapaipi a bodi ya madzi, lankhulaninso ndi a bodiyo musanaitane galimoto yoboola. Mjigo utalikire chimbudzi ndi sokawe ndi mamita osachepera 30. Kupopa mumtsinje, kaya ndi Linthipe kaya ndi kamtsinje kotsika m'phiri, kumafunanso chilolezo cha bungwe lomweli, ndipo ngati kasupeyo ali m'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Dedza, a zankhalango nawonso ali ndi mawu. Mjigo wa m'mudzi, uja anthu amasonkherana ndalama yokonzetsera, usiyeni. Suli wodzazira dziwe la munthu mmodzi.

Njira imene ine ndimaikonda ndi ya madzi a padenga. Denga la masikweya mita 150 limakolola malita 150 pa milimita iliyonse ya mvula. Kuti mupeze malita 48,000 mukufunika mvula ya mamilimita 320, ndipo mvula ya dzinja limodzi kuno imapitirira pamenepo kutali. Ikani magatala, tayani madzi a mvula yoyamba amene amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame, otsalawo adutse m'thanki ndi m'sefa. Mukawonjezera chovundikira dziwe, chochepetsa madzi ouma ndi dzuwa, simudzakangana ndi munthu pa nkhani ya madzi.

Madzi otuluka nawo ali ndi malamulo. Environment Management Act ya 2017, imene idabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, imaletsa kuipitsa chilengedwe, ndipo kutayira madzi a mankhwala mumtsinje kapena m'dambo popanda chilolezo ndi mlandu. Madzi a klorini musawalowetse m'septiki thanki, amapha tizilombo timene timaoletsa zonyansa. Musawatsegulire mumsewu kapena kudimba la mnzanu la mbatatesi ndi kabichi. Akonzereni sokawe yawoyawo. Pofuna kuchotsa ambiri, siyani kuthira klorini kwa masiku angapo, yezani muone kuti watha, kenako thirirani kapinga pang'onopang'ono.

A zaumoyo a kukhonsolo amaona mapulani ndi diso la matenda, ndipo akulondola. Dziwe losiyidwa, madzi atabiriwira, limaswetsa udzudzu wa mudzi wonse, makamaka kumunsi kotentha monga ku Golomoti ndi ku Mtakataka. Klorini azikhala pakati pa mamiligiramu 1 ndi 3 pa lita, pH (muyezo wa asidi m'madzi) pakati pa 7.2 ndi 7.8, ndipo kabokosi koyezera kagulidwe limodzi ndi pampu. Amene mumakhala kunja n'kumabwera pa Khirisimasi pokha, ganizirani bwino za amene azisamala madziwo miyezi ina yonseyo, ndi ndalama ya mankhwala mwezi ndi mwezi.

Pa magetsi sindinyengerera. Wolumikiza akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo akuonetseni chiphasocho, osangoti "ndidagwirapo kwa auje". Pampu, magetsi a m'madzi ndi masoketi onse a pafupi adutse pa chodula magetsi cha 30 mA, chija chimathimitsa chokha magetsi akayamba kuthawira pansi. Mababu a m'madzi akhale a mavoti 12, thiransifoma yake ili pouma, kutali ndi dziwe. Makwerero achitsulo, pampu ndi zitsulo za m'konkire zilumikizidwe ku waya wa pansi, ndipo izi zimachitika konkire asanathiridwe. Chingwe cha ekisitenshoni chokokedwa kuchokera pakhonde chisapezeke pafupi ndi madzi. Pampu ya 0.75 kW yoyenda maola 8 imadya mayunitsi 6 patsiku, pafupifupi 180 pamwezi. Magetsi akathima nthawi yaitali madzi amayamba kuonongeka, ndiye amene angathe aganizire pampu ya sola.

Ndiye pali kuzizira. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikuomba, palibe amene adzalowe m'madzi osatenthetsa. Ku Bembeke ndi ku Lizulu n'chimodzimodzi. Kukweza kutentha kwa malita 48,000 ndi digiri imodzi yokha pogwiritsa ntchito hita wamba kumadya mayunitsi pafupifupi 56. Poona zimenezi ndimauza ambiri kuti achepetse dziwe, aliike poti dzuwa limawomba tsiku lonse ndi potchingika ku mphepo ya mwera, ndipo ngati akufuna madzi ofunda aike mapaipi akuda a sola padenga.

Ena akamva izi amasankha bafa lalikulu la madzi otentha, lija amati Jacuzzi kapena spa. Limeneli ndi laling'ono koma lili ndi zake. La malita 1,500 limalemera tani imodzi ndi theka madzi okha, musanawerengere anthu, ndiye silabu ya khonde wamba kapena chipinda chapamwamba chiyambe chaonedwa ndi injiniya. Kutenthetsa madzi amenewo kuchoka pa madigiri 15 kufika pa 38 kumadya mayunitsi pafupifupi 40, ndipo hita yake imafuna waya wakewake kuchokera pa bokosi la magetsi. Wa magetsi wanu aone ngati mphamvu imene ESCOM idakupatsani ikukwanira, ndipo ngati sikukwanira kapempheni yowonjezera. Madzi asapitirire madigiri 40. Mayi woyembekezera ndi munthu wa vuto la mtima afunse kaye kuchipatala. Chivundikiro chake chikhale chokhoma ndi loko. Ngakhale lili longogula n'kukhazika, kafunseni kukhonsolo ngati silabu ndi kadenga kake zikufuna chilolezo.

Kontirakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira makampani omanga, limene ambiri timalidziwa kuti NCIC, ndipo akuonetseni dziwe limene adamanga kale loti lakhala ndi madzi kupitirira dzinja limodzi. Mmisiri wodziwa nyumba si kuti amadziwa chosunga madzi. Mgwirizano ulembedwe, ndalama ziperekedwe m'magawo. Injiniya ndi woyendera wa khonsolo aone zitsulo konkire asanathiridwe, chifukwa akathiridwa palibenso amene angaone zimene zili mkati. Dziwe lidzazidwe n'kuyesedwa ngati likudontha matailosi asanamatidwe, ndipo gawo lomaliza la ndalama lidikire mayeso amenewo. Mukasintha kukula kapena malo a dziwe ntchito ili mkati, bwererani kukhonsolo ndi pulani yosinthidwayo.

Mpanda ndausungira pano dala, chifukwa ndi umene eni nyumba amafuna kuuchotsa bajeti ikathina. Amati, "Achimwene, nanga si pakhomo pano pali kale fensi ya njerwa ndi geti?" Fensi imeneyo imatchinga anthu a kunja. Koma ana ali mkati: adzukulu, mwana wa mayi wogwira ntchito m'nyumba amene wangophunzira kuyenda, ana a mlonda, ana a alendo pa tsiku la chinkhoswe pamene aliyense akuganiza kuti wina akuwayang'ana. Mwana akamamira sakuwa ndipo samenya madzi monga anthu amaganizira. Amangolowa pansi mwakachetechete, ndipo mphindi zochepa zimakwana. Ana athu ambiri a kumtunda kuno sadziwa kusambira m'madzi akuya monga anzawo a kunyanja.

Miyezo imene ndimalemba pa pulani iliyonse ndi imene maiko monga Australia adaiika m'malamulo awo. Mpanda uzungulire dziwe mbali zonse zinayi, ulekanitse dziwe ndi nyumba. Utalike mamita osachepera 1.2. Mipata ya pakati pa zitsulo ndi ya pansi isapitirire masentimita 10, ndipo pasakhale zitsulo zopingasa zoti mwana n'kupondapo pokwera. Geti lizitsegukira kunja, lizidzitsekera lokha, ndipo chokhomera chikhale pamwamba, mamita 1.5 kuchokera pansi. Mipando, madiramu ndi miphika ya maluwa zisakhale m'mbali mwa mpanda. Wowotcherera zitsulo aliyense waluso pa Dedza pano angaupange mukamupatsa miyezoyi. Mpanda uime madzi asanalowe, ndipo ngakhale pa nthawi yokumba dzenjelo litchingidwe, chifukwa mvula ya usiku umodzi imalisandutsa dziwe lopanda mwini.

Pansi pa dziwe, potulukira madzi opita ku pampu pakhale chivundikiro cholimba chomangidwa ndi masikuluwu, ndipo ndi bwino potulukira pakhale pawiri, kuti mphamvu yokoka isagwire tsitsi kapena thupi la mwana. Lembani kuya kwa madzi m'mbali ndi manambala ooneka. Munthu wamkulu mmodzi pakhomopo, kuphatikizapo wantchito amene amakhala masana onse, aphunzire kutsitsimutsa munthu womira. A Malawi Red Cross Society amaphunzitsa chithandizo choyamba.

Ntchito ikatha, itanani a khonsolo adzaone ndipo akupatseni kalata yosonyeza kuti mwamanga motsatira pulani. Isungeni pamodzi ndi pulani yodindidwa, malisiti, satifiketi ya wa magetsi ndi zilolezo za madzi, chifukwa wogula nyumba, banki kapena kampani ya inshuwalansi adzazifuna. Ndipo tsiku limene mudzaganize zoyamba kulipiritsa anthu pageti kuti adzasambire, kapena kusandutsa nyumbayo malo ogona alendo, chilolezo cha dziwe la pakhomo sichikwaniranso. Pamafunika kupempha kusintha ntchito ya malowo kukhonsolo ndi ku unduna wa zamalo ngati muli ndi lizi, kutenga laisensi ya bizinesi, kulola a zaumoyo aziyendera madzi, ndi kulemba munthu wodziwa kupulumutsa omira woti azikhala m'mbali mwa dziwe nthawi yonse imene muli anthu.